Mbande Zitatu ndi Chala cha Che Amadu

Lolemba

Che Amadu Saidi, mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Ndiyambe ndi dzina limenelo. Chaka chomwe a kampani ya magetsi ankakoka mawaya kuchokera ku Entre Lagos, iye ndiye anayenda ndi oyeza njira, n'kuloza ndi chala mtengo wanga wa mango kuti mawaya adutse pamenepo, nthochi zake zipulumuke. A kampani anaudula ine ndili ku msika. Mtengo umene njere yake ndinabwera nayo m'thumba la malaya pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha! Mpaka lero Che Amadu amakana. "Ndinkaloza khwangwala, alamu."

Lero kampani yomweyo yafika ndi galimoto yodzaza mbande. Akuti dziko likutentha, nyanja ya Chiuta ikuphwa, tidzale mitengo. Odula omwe aja! Ndapita kukawakalipira. Koma enjenyero wawo, katswiri wa mawaya, ndi mayi waulemu, wandipatsa moni ndi manja awiri, ukali wonse wandithera. Ndabwerako ndi mbande zitatu: ziwiri za mango, imodzi ya mbawa.

Ganizo langa: za mango ndidzala pa chitsa pomwepo. Che Amadu aziziona m'mawa uliwonse mpaka chala chimuwawe.

Lachiwiri

Ndikukumba. Msana ukudandaula.

Zofunika:
manyowa
minga yotchingira
madzi, ndowa ziwiri
munthu wondidzutsa ndikamaliza

Abiti Saidi, mkazi wanga, waima ndi manja m'chiuno: "Mango amenewo mudzadya ndi mano ati?" Ndapitiriza kukumba. Magazi ndi amodzi ndi mlongo wake.

Mbawa kuseri kwa khola. Za mango, ina kuno kwa chitsa, ina uko. Che Amadu wadutsa ndi nkhafi paphewa, wayang'ana kumwamba, wayang'ana pansi, watsokomola. Nsanje!

Lachitatu

Mbawa yapita. Mbuzi. Yanga yomwe, choncho ndilibe womusumira. Minga yonse ndinaithera ku mango.

Zatsala ziwiri. Ndatulutsa mpando, ndikulondera ndi ndodo. Dzuwa likuphika mutu. Mwina enjenyero uja sakunama za kutenthaku: kale mwezi uno tinkapalasa bwato pomwe lero ana akusewera mpira.

Che Amadu wayandikira. "Alamu, pamenepo mwadzalapo..." Ndamudula: chala chimenecho achibweze m'thumba.

Lachinayi

Enjenyero wabwera kudzajambula mbande zomwe zagwira, kuti akaonetse akuluakulu ake. Ndavala jekete. Ndaima pakati pa mbande zanga ngati mkwati.

Foni sanaitulutse n'komwe. Wayang'ana kumwamba, wayang'ana pansi. "Agogo, pansi pa mawaya sitidzala. Ikakula tidzabweranso ndi macheka."

Akuti ananena zimenezi Lolemba, sekeretaryo, mlembi wa mudzi, n'kumasulira. Mwina. Nthawi imeneyo ine ndinali kusanja mawu okalipira.

Wayamba kuyeza ndi mapazi kuchokera pa mawaya. Wadutsa nkhokwe, wadutsa chimbudzi, wadutsa khola. Waima. Malo okhawo otsala pabwalo langa ndi pamalire ndi Che Amadu! Mthunzi wonse wamadzulo udzagwera pakhonde pake. Mango azidzagwera m'mbale yake ali chikhalire.

Ndakana. Ndavula jekete.

Lachisanu

Ndikuzula ndi mkwiyo. Khasu ladula mizu ya imodzi. Pomwe anthu amachokera ku mzikiti inali itazyolika kale.

Yatsala imodzi, ili m'ndowa ya Abiti Saidi. "Ndowa yanga ndiyofunika mawa. Si munda."

Malo ena omwe ndaganizira:
kumunda (kutali, mawondo akana)
pakhomo penipeni (tizilowera pawindo?)
kwa mphwanga ku Chiuta (amagulitsa makala)
kuibweza kwa eni ake (anganene kuti ndalephera)

Ndayang'ana kambandeko nthawi yaitali. Masamba asanu ndi limodzi, awiri ofiirira, ofewa ngati khutu la khanda. Kalakwa chiyani?

Loweruka

Pamalire pali dzenje! Lokumbidwa bwino, manyowa pansi, mitengo inayi yozikidwa kale, ukonde wakale wokulunga pambali kuti ukhale mpanda. Che Amadu ali pakhonde pake akusoka ukonde wina, nkhope ngati ya munthu wochokera ku ulendo, wosadziwa kanthu.

"Dzenje? Kapena ndi mfuko, alamu."

Mfuko yodziwa kuzika mitengo!

Ndadzala. Ndikanatani, ndowa ikufunidwa? Iye wabwera osaitanidwa, wagwira mbande kuti iongoke ine ndikukwirira. Manja ake akunjenjemera kuposa anga. Wakalamba munthuyu, sindinaone kuti zinayamba liti. Ndi manja omwewa amene anatipalasira bwato pothawa nkhondo, mkazi wanga ali ndi pakati.

Tathirira. Takangana za kuchuluka kwa madzi. Wapambana iye, chifukwa chitsime n'chake.

Lamulungu

Mbande yaimika masamba. Mbuzi yazungulira mpanda katatu, yachoka yokhumudwa. Enjenyero watumiza mawu kuti abwera mawa, tikhale tonse awiri pa chithunzi. Che Amadu wabwereka kale jekete yanga.

Ndagonja. Mthunzi atenge. Mango azidzatola, ngati adzakhalepo. Ine sindikuyembekeza kuwalawa. Dziko lizizire ngati lingazizire ndi mtengo umodzi. A kampani ndawakhululukira theka, poti mayi uja anandigwira mkono podumpha ngalande.

Chatsala chimodzi ndisanatseke maso. Sindikufuna mbuzi ya chindapusa, sindikufuna kupepesedwa. Che Amadu abwere masana, akhale pa mphasa yanga, mlongo wake ali pomwepo akumva, anene ndi pakamwa pake: "Alamu, mtengo uja ndinaloza ndine."