Moni wa Azakhali pa Wailesi ya Bambo

Lolemba
Azakhali a ku Dedza atumiza uthenga: Lamulungu masana apereka moni kwa Bambo pa wailesi ya ku Malawi, ndi pakamwa pawo. Ndati timvere pa foni. Bambo akana. "Za pafoni ndimva ndekha. Za pa wailesi amva Malawi yense kuti ndikadali moyo."
Vuto n'lakuti kawailesi kawo ka mabatire, kuno ku Sunningdale mu Harare, kamangoti shiii. Koma ine ndinawotcherera mawaya m'fakitale ku Willowvale zaka zisanu ndi zitatu. Izi n'zazing'ono.

Lachiwiri
Zofunika:
waya wautali
thiranzisita imodzi
chitini cha polishi
mabatire anayi
Ndapanga kachipangizo kokuza mawu ochokera kutali. Kagwira! Patali patali, munthu akuwerenga nkhani m'Chichewa. Bambo akavala jekete kuti amvere bwino. Ndanyada mpaka ndayiwala kudya.

Lachitatu
Kachipangizo kamaliza mabatire onse nyimbo yachitatu isanathe. Kakudya ngati mlendo wa pa ukwati. Ndakachepetsera mphamvu. Tsopano mabatire akukhalitsa, koma tikungomva m'busa wina wolalikira m'Chishona.

Lachinayi
Nzeru yatsopano: mphamvu ikhale yochepa, waya atalike. Ndamanga kuyambira padenga mpaka pa mtengo wa mapeyala. Pobwera kumsika ndapeza Mai Chipo, amene amachita lendi chipinda pakhomo pathu pano, ayanikapo mabulangete atatu onyowa. Waya waduka. Andithokozanso, ati pabwalo pano pankasowa poyanika.

Lachisanu
Ndamanga m'mwamba kwambiri, posafika dzanja. Mai Chipo abwera ndi mtengo wokolowolera. "Waya wosayanikapo ndi wa chiyani, sisi?" Ndangowathandiza kufinya.

Loweruka
Bambo ayanika mabatire akale padzuwa kuti "adzuke", kenako awalowetsa chozondoka. Kachipangizo katulutsa utsi pang'ono, kamwalira. Ndakhumudwa zedi. Koma ponyamula wailesi kuti ndiyibweze pakabati, ndagwira eriyo, Chichewa chija n'kubwera. Ndikasiya, shiii. Ndikagwira, chabwera. Ndiye kuti masiku onsewa waya ndinali ine.

Lamulungu
Ndayima pa mpando, dzanja lina pa eriyo, lina pa chitsulo cha zenera. Mabatire awiri otsala. Bambo m'jekete, Mai Chipo pakhomo. Mkono wachita dzanzi. Moni wa anthu a ku Ntcheu, a ku Salima, wina wopatsa moni apongozi ake onse mmodzimmodzi. Kenako mawu a Azakhali, okalamba, onjenjemera: "Kwa achimwene anga a ku Harare, ndikuti..."
Mabatire athera pomwepo.
Ndatsika pa mpando, manyazi andigwira. Ndati pepani, tiwayimbire foni atiuze zotsalazo.
Bambo akuseka, misozi ili mbwee. "Usavutike, mwanawe. Akuti ndibwere kumudzi. Wakhala akunena zomwezo chichokereni ine. Koma lero wanena pamaso pa anthu."
Za mawaya ndasiya. Bambo akufunsa ngati pasipoti yawo ikugwirabe ntchito.