A Januario ndi Nkhondo ya Makhadi

Tangoganizani m'mawa wamba pasukulu yathu ku Bangwe. Belu lalira, ana a Folomu 4 akuthamangira kuchipinda cha makompyuta, ndipo pakhomo paima a Januario, oyang'anira chipindacho, nkhope ili gwaa ngati atafuna kwinini. Malemuwa ankadana ndi pulogalamu iliyonse yopanda ntchito. Ankadananso ndi fumbi, ana, a hedi, ndi ine amene.

Tsiku lina anandikalipira pamaso pa kalasi langa.

"Mayi Petronela, mbuzi zanuzi zikusewera makhadi pakompyuta!"

"Ndi ana, bambo."

"Masewerawo ndikuwapha lero!"

Mayeso a kompyuta anali atayandikira. Makina athu ndi a Linux, ndipo a Januario atalamula kuti makhadi achoke, makinawo anawachenjeza kuti chinthu china chotchedwa metapakeji chichokera limodzi. Metapakeji ili ngati wapampando wa komiti ya ukwati: sanyamula mphika, sakoleza mbaula, koma ophika onse amakhalapo chifukwa cha iye. Payokha ilibe kanthu, imangogwira pamodzi mapulogalamu onse a padesikitopu, aja timawaona pasikirini.

"Chopanda kanthu ndichisungirenji? Chipite!"

Itachoka, makina anati mapulogalamu otsalawo alibenso mwini, ndi zinyalala. A Januario anaseka, koyamba chaka chimenecho.

"Mwaona? Avomera okha. Sesa!"

Anasesadi, pamakompyuta onse. Poyatsanso, sikirini iliyonse inali bii, kamzere koyera kakungophethira pakona.

"Nanga ana alembera pati, bambo?" ndinafunsa.

"Pasileti! Ife tinafa?"

Mtsikana wina kumbuyo anayamba kulira chamumtima. A Januario anamuona, natithamangitsa tonse, n'kukhoma chitseko. Sabata imeneyo aliyense wodutsa pawindo ankamva akutukwana makina, amene anawapanga, ndi makolo awo omwe. Koma anabwezeretsa zonse. Pulogalamu iliyonse yofunika anaiika chizindikiro choti aisankha okha, kuti isadzasesedwenso. Makhadi okha sanabwerere.

"Mwagwira ntchito, bambo," ndinatero.

"Pukutani nsapato," anayankha.

Matenda a shuga anawatenga chaka chatha. Masiku ano ana amalowa m'chipindamo mwakachetechete, ena n'kuima pang'ono pakhomo ngati akudikira kukalipiridwa. Inenso ndimapeza kuti m'mawa mwatalika.

Chaka cha nkhondo ya makhadi chija ana onse a Folomu 4 analemba mayeso awo pamakompyuta omwe aja, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inazima.