Ndinangopita Kukatsanzika

Lolemba

Abwana asaina. Masiku anayi, Lachisanu mpaka Lolemba. Chiyambireni ntchito yosamalira okalamba kuno ku Oshawa, ku Canada, tchuthi changa chonse chimathera ku maliro, ku maukwati ndi kusamutsa anthu. Ichi chokha ndi changa.

Ndikupita ku Annapolis, kamzinda ka ku Maryland, ku America. Ndekha, pa kagalimoto kanga, maola asanu ndi anayi.

Wondiyambitsa ndi a Walter, mkulu wa m'chipinda chakumapeto kuntchito kwathu. Anabadwira kumeneko, anali msilikali wa pamadzi, kenako anakwatira mayi wa kuno. Dzina langa amaliiwala tsiku lililonse, koma ndikamawameta ndevu amatchula misewu ya kwawo motsatana osaphonya. Akuti misewu ina ndi ya njerwa, nyumba zake zinamangidwa Angelezi akulamulirabe dzikolo, ndipo kuli sukulu yaikulu ya asilikali a pamadzi, moti Loweruka m'tauni mumayera ndi mayunifolomu. Zoti Amereka nawonso anali ndi atsamunda ndinaphunzira ku Fomu 3, koma ndinkayesa aphunzitsi akungotitonthoza.

Zokachita:
kukhala pa benchi padoko n'kumayang'ana mabwato
kudya nkhanu, zomwe akuti amaswa ndi kahamala
kugona mpaka tulo titathe tokha
osadzutsa munthu, osasambitsa munthu, osakatikati, osafunsa munthu ngati wapita kuchimbudzi

Mwana wanga Tadala akuti, "Mom, just go. Musauze anyone." Mwanayu anabadwira kuno, sadziwa kuti munthu sachoka ngati wakuba. Mawa ndikatsanzika kwa amalume a Chikuse ku Scarborough. Mphindi khumi basi.

Lachiwiri

Maola atatu.

A Chikuse si amalume anga a magazi. Ndi amene anandichingamira pa eyapoti ndi jekete chaka chomwe ndinafika, ndipo umalume wotere sutha.

"Ku America? Kwagwanji?"

Ndikuti palibe chagwa.

"Ukwati wa ndani?"

Palibe ukwati.

"Nanga kuli ndani kumeneko, mwanangu?"

Ndikuti palibe munthu, ndikungokaona malo. Amalume akuyang'ana akazi awo. Azakhaliwo akuyang'ana ine mmene timayang'anira wodwala amene akunena kuti wamwa kale mankhwala.

Kenako amalume akuvala magalasi, akutsegula mapu pa foni. Apeza kuti Annapolis ndi pafupi ndi Silver Spring, komwe kumakhala mwana wawo Chisomo ndi mapasa ake. Nkhope zikuwala. Ulendo wanga wapeza chifukwa.

"Bwanji osanena poyamba kuti ukupita kwa Chisomo?"

Sindinanene chifukwa sindikupita kwa Chisomo. Izi ndikulemba muno, pamaso pawo ndangoseka.

Ndatuluka ndi kasutikesi kakang'ono kokapereka. Pokanyamula kupita nako ku galimoto tathandizana anthu awiri.

Lachitatu

M'gulu la pa foni la amayi a kutchalitchi mwalembedwa uthenga m'mawa: "Tiwakumbukire m'mapemphero amake Tadala, akupita ku America pa nkhani ya banja." Olemba ndi azakhali. Ndikuwamvetsa. Akanalemba kuti "akukaona malo", anthu akanayesa ndasokonekera.

Pofika madzulo pakhomo pafika:
nsalu zisanu ndi chimodzi za wina ku Washington
ufa, ngati kuti ku America chimanga chinatha
nsapato za mwana, saizi yake yongoyerekeza pa chithunzi
tiyi wa kumudzi, mapaketi osawerengeka
bokosi lomata bwinobwino, mwini wake akuti musatsegule, mulibe chilichonse
envelopu ya munthu wa ku Texas

Wa envelopuyo ndamufotokozera kuti kuchoka ku Maryland kufika ku Texas kuli ngati Lilongwe ndi Joni. Wamvetsera mwaulemu mpaka ndamaliza. Kenako akuti, "Koma ndi komweko ku America, eti?"

Masana foni ya Mayi Mvula, nesi wa ku Chipata amene timapemphera naye. "Manje ba sister, muzayenda mweka njira yonse ija? Iyai, sitingalole." Mwamwayi mdzukulu wa achemwali awo ali ndi phwando la mkwatibwi ku Baltimore Loweruka lomweli. Mwamwayinso amuna awo amayendetsa mathiraki ndipo ali pa tchuthi, andithandiza chiwongolero. Mwayi wandichulukira sabata ino.

Tadala wayang'ana katundu m'khonde, wandiyang'ana ine, walowa kuchipinda. Bola akanalankhula Chingelezi chake chija.

Lachinayi

Amalume aganiza usiku wonse ndipo aona kuti poti m'galimoto mwatsala mipando iwiri, n'kulakwa kuti ipite yopanda anthu. Akupita nawo. Azakhali sangatsale chifukwa ndi okhawo odziwa kuti piritsi loyera ndi la m'mawa, lachikasu la madzulo. Tsopano tilipo asanu, m'galimoto ya anthu asanu.

Chisomo waimba ndili pa nthawi yopuma. Wamva kuti ndasungitsa chipinda ku hotela. "Anti, mukagone ku hotela ngati mulibe abale? Anthu adzati chiyani?" Wandikonzera kale matiresi m'chipinda cha mapasa. Akuti sadzuka kwambiri, kawiri katatu basi. Komanso apongozi ake angotuluka kumene m'chipatala, anawapanga opaleshoni ya chiuno, ndiye Mulungu ndi wabwino kuti ndikubwera ine wodziwa kutembenuza odwala.

Hotela ndaikaniza. Mtsikana wa pa foni wandifunsa chifukwa. Ndati ndili ndi abale. Wati, "Oh, how nice."

Madzulo amalume atumiza pulogalamu, yolembedwa pamanja n'kujambulidwa:
Lachisanu, kunyamuka ndi pemphero, kufika kwa Chisomo
Loweruka, phwando ku Baltimore, kugawa katundu
Lamulungu, tchalitchi, kuona odwala, nkhomaliro
Lamulungu 3 koloko, "malo a amake Tadala aja, nthawi ikalola"

Ola limodzi. Ndikulandira. Benchi ndi benchi ngakhale ukhalepo ola limodzi.

A Walter lero andiuza kuti ndikafika padoko ndikhotere kumanja, ndikwere kamtunda, nyumba ya chitseko chobiriwira ndi yawo. Ndikagogode, amayi awo amakhala ali pakhomo. A Walter ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Ndati ndikagogoda.

Lachisanu

Sikisi koloko m'mawa, pamalo oimika magalimoto pansi pa nyumba yathu. Onse asunga nthawi, chinthu chimene sichinachitikepo pa msonkhano uliwonse wa tchalitchi.

A Mvula akulongedza. Munthu wodziwa ntchito yake. Buti yadzaza, yatsekeka pokhalira anthu awiri. Pansi patsala:
bokosi la madzi oundana la Mayi Mvula, lomwe lili ndi zakudya za phwando
mphatso ya mkwatibwi, mapoto m'katoni
chikuku choyendera cha apongozi a Chisomo, chomwe amalume abwereka kwa wina

A Mvula ayesa uku, ayesa uku. Apukuta thukuta. Akuti zonsezi zikwana pampando umodzi wakumbuyo, zikasanjikizidwa bwino. Mpando umodzi.



Aliyense akuyang'ana nsapato zake. Ndikuwerenga mumtima. A Mvula ndi oyendetsa. Mayi Mvula akuyembekezeredwa kuti akalangize mkwatibwi. Amalume akukaona adzukulu, ndiponso ndi amene anyamula pulogalamu. Azakhali anyamula mapiritsi. Chikuku chili ndi wodwala woyembekeza. Ngakhale mapoto ali ndi kokafika.

Azakhali akufunsa mofatsa, osati mwachipongwe, "Inu paja mumangokaona malo, eti?"

Apa ndi pomwe ndalakwitsa kachiwiri sabata ino, koyamba kunali kukatsanzika kuja. Ndati, "Pitani inu, ine ndidzapita ulendo wina." Mawu amenewa kwathu munthu amanena podziwa kuti akanidwa katatu, kenako wina atsitsa mapoto. Akana kamodzi. Ndabwereza mwaulemu. Amalume andigwira dzanja ndi manja awiri, akuti, "Mwana uyu analeredwa."

Ndalemba kalata yololeza a Mvula kuoloka malire ndi galimoto yanga. Ndasaina pa boneti. Ndatsitsa kachikwama kanga, pamalo pake palowa ufa. Pemphero la ulendo apempha kuti nditsogolere ine, poti ndine ndatsala.

Ndabayibitsa galimoto yanga mpaka yakhota pa mphambano. Ikuyenda bwino ndithu ikamaonedwa kunja.

Loweruka

Ndadzuka hafu faifi. Thupi silidziwa tchuthi.

Tadala waphika tiyi, wandiikira patebulo, wati, "Mom, sindinena anything." Wanena kanayi.

Masana zithunzi zayamba kufika. Apita ku Annapolis lero m'mawa, asanapite ku phwando, akuti chifukwa cha ine. Zithunzi khumi ndi ziwiri. Amalume ndi azakhali. Azakhali ndi Mayi Mvula. Onse anayi, wowajambula ndi munthu wodutsa. A Mvula atatsamira galimoto yanga. Mzindawo ukuoneka m'chithunzi chimodzi, kuseri kwa khutu la amalume: kachidutswa ka khoma la njerwa ndi theka la mnyamata wa yunifolomu yoyera. Ndakulitsa ndi zala mpaka zonse zasanduka utsi.

Kenako uthenga wa mawu wa amalume, mphindi zisanu ndi ziwiri. Mfundo zake: palibe chomwe ndaphonya. Nyumba zakalekale ngati ku Zomba, kungoti izi amapenta. Misewu yopapatiza, poimika galimoto povuta. Asilikali ake ndi ana, wina sanayambe n'kumeta ndevu komwe. Nkhanu alawa, ntchito yambiri nyama pang'ono, azakhali adzicheka chala. Akhala mphindi makumi anayi, zakwana.

A Mvula aonjezera kuti mabuleki akulira pang'ono, ndidzaonetse akabwera.

Kogula zinthu ndapita pa basi.

Lamulungu

Kutchalitchi pa sitima, kenako basi ziwiri. Ndafika nyimbo yachiwiri ili pakati, ndakhala mzere wachitatu.

Pa nthawi ya mapembedzero abusa akupempherera apaulendo. Akutchula maina pa pepala lomwe analandira Lachitatu. Loyamba ndi langa. Apempha kuti Mulungu andisunge m'misewu ya ku America, andipatse nzeru pa nkhani ya banja ija, andibweretse wamoyo. Mpingo wati amen. Mayi wa pafupi nane watsegula diso limodzi, wandiyang'ana, watsekanso. Nanenso ndati amen.

Potuluka anthu sakufunsa zambiri. Nkhani yafika kale, ndipo yafika bwino: akuti ndinapereka galimoto ndi mpando wanga kuti okalamba akaone adzukulu. Andigwira chanza anthu amene sanandipatsepo moni chaka chonse. Mlembi wa amayi akuti mtima wotere ndi umene ukufunika mu komiti.

Ndili pa khomo ndikumanga mpango, wafika mayi wina wachitsikana amene wangoyamba kumene ntchito ku chipatala cha m'tauni, ana atatu akumukoka siketi. Wagwada pang'ono. Akuti wamva kuti tchuthi changa chikutha mawa, ndipo poti ndatsala, ndilibe kopita, ndilibenso galimoto, kodi angawasiye anawa kwathu m'mawa?

Ndafunsa kuti abwera nthawi yanji. Akuti hafu sikisi. Ndati ndidzakhala nditadzuka.