Makaseti Atatu, Batire Imodzi

Lolemba

Achimwene abwera kuchokera ku Joni ndipo andisiyira katundu: kanema wamng'ono wosaonetsa mitundu, makina a gemu otuwa onga njerwa, ndi makaseti atatu a mpikisano wa liwiro. Akuti ana awo anapeza makina atsopano, awa amangodya fumbi kunsi kwa bedi.

Makina ndi anga. Kanema ndi wanga. Koma kaseti ndisankhe imodzi yokha. Awiri otsalawo analonjeza mnzawo wa ku Liwonde, adzawatenga Lamulungu kukamupatsa.

Chaulere? Achimwene omwe aja amabisa chimanga chokazinga m'thumba tili ana? Ndawatembenuza makinawo, ndawagwedeza pafupi ndi khutu. Mng'alu palibe. Ndikuwayang'anabe.

Ndilembe poyera chifukwa chake nkhaniyi si yamasewera. Pano ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi lake ndi la kwawo kwa mayi a Mphatso. Munda wa mpunga ndi wawo. Makina amene ndimasokera pakhonde la sitolo ku Songani ndi a mwini sitolo. Nkhuku za pano zimandiyang'ana ngati wodzacheza. Ichi ndiye chinthu choyamba pamudzi pano chimene palibe anganene kuti chinali cha agogo ake. Ndiye sindisankha mwachimbulimbuli.

Dongosolo:
Lachiwiri, ya galimoto yofiira.
Lachitatu, ya njinga zamoto.
Lachinayi, ya tigalimoto tooneka kuchokera kumwamba.
Lachisanu ndi Loweruka, kubwereza zonse.
Lamulungu, chigamulo!

Magetsi kuno kulibe. Batire ya galimoto ndatchajitsa kwa che Bwanali ku Songani, akuti ikwana sabata.

Apongozi atumiza mawu: "Bokosi la ziwandalo lisamalire nthawi ya mapemphero." Mawuwa abwera ndi mayi a Mphatso, monga mwa nthawi zonse. Ine ndi apongozi sitikhala m'nyumba imodzi, sitiyang'anana kumaso. Tikakumana panjira ndimapatukira patchire mpaka adutse. Chikwatirire ndi momwemo, ndipo sitinayambanepo.

Lachiwiri

Ndaweruka msanga. Galimoto yofiira!

Kufiirako n'kwa pachithunzi cha kaseti. Pa kanema wanga ndi yotuwa ngati phulusa, koma liwiro lake, mayo ine! Msewu wopanda dzenje ngakhale limodzi. Palibe mbuzi, palibe wanjinga wonyamula makala, palibe minibasi yoima pakati pa msewu kudikira munthu amene akusambabe. Kanyimbo kakenso kokoma.

Zokayikitsa:
Pamwamba pali wotchi yowerenga chobwerera m'mbuyo. Ikatha, galimoto imangozima, mafuta alimo.
Magalimoto enawo akugwirizana. Ndikathamanga ali pamsana panga. Ndikachedwa akundidikira kutsogolo kuti andiphere njira.
Ukangodutsa mlatho pali kona. Konayi anaiika dala.

Ndafika pakonapo, ndawomba chikwangwani, galimoto yagubuduzika. Dalaivala wadzuka osatuluka ndi dontho la magazi lomwe. Ndayambanso. Chikwangwani. Ndayambanso. Chikwangwani chomwecho! Ndikuganiza kuti kuseri kwa konayi kulibe msewu. Opanga gemu anatopera pomwepo, n'kuika chikwangwani kuti tisadziwe.

Dzuwa lisanalowe chithunzi chayamba kufota m'mbali. Batire yatha. Ya sabata ija! Che Bwanali, tionana mawa.

Lachitatu

Batire pakaliyala, ulendo wa ku Songani. Che Bwanali akhudzitsa mawaya, moto wathetheka pang'ono. Akuti, "Batireyi ilibe matenda, atelala. Kapena mwayamba kugayira chimanga?" Aseka okha. Munthu woseka nthabwala yake yomwe ndimamukayikira.

Madzulo, njinga zamoto. Iyi ndi gemu yopanda mwambo. Mnzako akafuna kukupitirira umamuponda ndi mwendo, iye n'kugwera m'ngalande, ndipo palibe wokufunsa. Wina wandimenya ndi chigongono ndisanamulakwire. Ndabwezera. Ndaikonda pang'ono, koma si gemu yoti munthu wopita kutchalitchi azisunga m'nyumba. Kulira kwakenso ngati udzudzu m'chitini.

Koma nkhani yaikulu lero si njinga.

Dzulo makaseti onse ndinawaika m'chitini cha mabisiketi. Ndikukumbukira bwinobwino. Lero ndapeza ya galimoto yofiira ili m'makina, ngati wina anayesa kuyatsa n'kupeza batire kulibe. Nsalu yophimbira kanema yapindidwa mwaulemu, pomwe ine ndimangoponya. Ndipo pansi, kutsogolo kwa kanema, payalidwa mkeka. Ine ndimakhala pampando.

Tsono batire ija dzulo inatha bwanji msanga? Alipo anayamba kuidya masana ine ndili ku Songani.

Ndafunsa mayi a Mphatso. Akuti, "Kaya." Ndafunsanso. Akuti, "Mwina mwaiwala." Anena akupeta mpunga atandifulatira, koma mapewa awo amagwedezeka. Kupeta sikugwedeza mapewa chonchija.

Mphatso sanayambe n'kukwawa komwe, ndiye ameneyo ndamuchotsa pamlandu.

Lachinayi

Telala sasowa msampha. M'mawa ndamanga chitini cha makaseti ndi ulusi woyera, mfundo yanga yosokera, kenako ndapita kuntchito. Tsiku lonse mtima uli kunyumba. Buluku la mphunzitsi wina ndalisoka mwendo wina kufupika.

Pobwera: ulusi ulipo. Koma mfundo si yanga. Iyi ndi mfundo yomangira thumba la mpunga, yolimba kuposa yanga. Wakuba wondikonzera msampha wanga womwe!

Batire yafookanso, komabe ndayesa gemu yachitatu. Tigalimoto tating'ono ngati nyerere pambale, tikuzungulira bwalo. Ndathamanga bwino zedi, ndapitirira onse, ndafuula mpaka nkhuku zabalalika. Kenako ndazindikira kuti imene ndimachemerera si yanga. Yanga inali pakona yatsamira khoma, ikungofuka utsi chiyambire. Gemu yachinyengo. Imeneyi ipite ku Liwonde.

Zatsala ziwiri. Mtima uli pa yofiira, koma kaseti yokhala ndi msewu wothera pachikwangwani ndingaisunge bwanji? Mapanga awiri avumbwitsa. Mawa ndi mkuja ndiyenera kuidutsa konayo kapena kuitaya.

Ndiyeno umboni. Pakati pa mabatani a kogwirira kowongolera gemu pali kafumbi kofiirira. Ndanunkhiza. Ndayetsemula mpaka misozi. Fodya wamphuno!

Ofwenkha fodya mbali ino ndi awiri. A Sikelo, oyandikana nafe. Ndi apongozi, amene amabisa kabotolo kawo pamfundo ya chitenje ndipo mudzi wonse umadziwa kuti sitidziwa. Apongozi ayi. Mayi wa Mvano, amene anati bokosi la ziwanda? Ndiye ndi a Sikelo basi.

Ndawapitira. Ndayamba ndi za mpunga, za kuzizira, za mitengo ya zinthu chiyambire matipate. Kenako ndaponya funso. Akuti, "Ine maso angawa saona ndi nambala ya nyimbo yomwe m'tchalitchi, ndikaone galimoto ya m'bokosi?" Potuluka apunthwa pamtondo kuti nditsimikize. Apunthwa bwino kwambiri. Ndikuwakayikirabe.

Lachisanu

Ndauza mwini sitolo kuti mutu ukundiwawa. Dzuwa lili paliwombo ndili kale panjira. Njinga ndaitsamiritsa pamtengo wa mango kumunsi, ndayenda chonyang'ama kudzera kuseri kwa nkhokwe. Mawu oti ndiwalankhule a Sikelo ndawakonza kale, ena achizungu.

Injini ikumveka m'nyumba mwanga. Galimoto yofiira. Kanyimbo kaja.

Ndafika pakhonde, dzanja lili pachitseko. Pansi pali nsapato. Za pulasitiki, zakuda, lamba wina womangidwa ndi kansalu ka chitenje chobiriwira. Kansaluko ndinadula ndine, mayi a Mphatso atandipempha kuti nsapato ya amayi awo yaduka.

M'katimo mawu akuti, "Choka iwe! Choka, ndidutse!"

Apongozi.

Dzanja ndalibweza ngati ndagwira mbaula. Kulowa sindingalowe. Kugogoda sindingagogode, munthu agogoda bwanji pakhomo pake? Kusuzumira pawindo ndiye mlandu wofika kwa ankhoswe. Ndabwerera chambuyo mpaka kuseri kwa nkhokwe, ndakhala pamwala. Mutu wayamba kuwawa zenizeni.

A Sikelo adutsa ndi khasu, andiona bwinobwino ndi maso awo osaonawo. Akuti, "Mwapeza wakuba, atelala?"

Apongozi atuluka dzuwa litapendeka. Ndawamva akuuza mwana wawo pakhomo, "Ya njingayo ndi ya anthu osaleredwa. Ya nyerereyo imapweteka maso." Ndiye kuti nawonso akuyerekeza! Sabata yonseyi tikugwira ntchito imodzi, iwo masana, ine zotsala.

Ndalowa, ndayatsa. Chithunzi chafota ndisanafike ndi pamlatho pomwe.

Mayi a Mphatso akuti amayi awo anabwera Lachiwiri kudzalipempherera bokosilo. Kuti adziwe chimene akupempherera anati aliyatse kaye.

Loweruka

Tsiku lomaliza loyesa. Ndalawirira ku Songani ndi batire, ndaima pamutu pa che Bwanali mpaka yadzaza. Ndawapepesa mumtima, pakamwa ayi. Ntchito lero sindigwira. Lero ndi ine ndi kona ija.

Ndafika, ndalumikiza mawaya, ndatuluka kukasamba m'manja.

Pobwera, nsapato zili pakhomo.

Ndatuma mayi a Mphatso kuti akanene mwaulemu kuti mwini makina akufuna kuyesako. Abwera ndi yankho: "Akuti zikomo kwambiri chifukwa cha batire, lero ikukoka bwino."

Ndatumanso. Yankho: "Akuti atsala pang'ono."

Zimene ndachita podikira:
Ndakonza khola la nkhuku zosandilemekeza zija.
Ndanola makasu onse, ndi la a Sikelo lomwe.
Ndaganiza zokadandaula kwa ankhoswe. Ndikayambe bwanji? Kuti apongozi akundilanda galimoto ya m'bokosi? Nkhani imeneyo ikafika ku Songani ine ndisanafike.

Ndayesa kumvetsera kuti ndimve akuwomba chikwangwani, mtima ukhaleko pansi. Koma amayi awiri a Mvano abwera kudzawaona, alowa, ndipo chimene chikumveka ndi nthungululu basi.

Achimwene afika madzulo kudzagona kuti mawa atenge makaseti awiri aja. Andipeza kuseri kwa nkhokwe. Ndawafotokozera. Aseka mpaka akhala pansi. Akuti, "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, mng'ono wanga." Iwo anakwatira m'tauni, apongozi awo amadya nawo patebulo limodzi. Tsopano ndikukayika ngati sanadziwiretu zonsezi pondipatsa.

Batire yatha dzuwa likulowa. Sindinagwireko.

Lamulungu

Kutchalitchi ku Mishoni. Apongozi ali kutsogolo mbali ya amayi, akuimba mokweza kuposa onse. Ndaona chala chawo chachikulu chikudina pachikuto cha buku la nyimbo, kumanzere, kumanja.

Titaweruka achimwene akuti, "Tsono iti?" Makaseti atatu ali pampando. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene kuti sindinamalize kuyesa. Mayi a Mphatso alowa, agwada: "Amayi akuti yofiira."

Achimwene andiyang'ana. Ndati yofiira. Ndikanatinji? Ndiyo yomwe ndimafuna. Asankha bwino, ndipo n'zimene zikundiwawa.

Achimwene atanyamuka kwabwera uthenga wachiwiri. Apongozi akuti mtima wawo sukuwapatsa mtendere. Si bwino mwamuna wa ulemu wake, wowasunga bwino chotere, kumakhala kuseri kwa nkhokwe ngati alibe nyumba. Anthu aziti chiyani? Ndiye kuti asandivutitsenso, bokosilo likakhale kwawo. Makina akhalabe anga, atero ndithu, aliyense adziwe kuti ndi a bambo a Mphatso.

M'nyumba mwa apongozi sindinapondemo chikwatirire, ndipo sindidzapondamo.

Ndanyamula ndekha. Kanema, makina, batire. Ndatula pakhonde pawo, ndatembenuka, ndalongosola za mawaya ndikuyang'ana kuphiri: wofiira uku, wakuda uku. Kumbuyo kwanga mawu a apongozi akuti, "Auzeni tikudziwa."

Sindinachoke msanga. Ndakhala kumapeto kwa khonde, msana kuchitseko. Injini yalira. Kanyimbo kaja. Ndikudziwa msewu wonse ndi khutu: apa apitirira lole, apa matayala akulira, apa phokoso lasintha, ali pamlatho. Ndatchera khutu kudikira chikwangwani.

Palibe chawombedwa. Injini yangotsika pang'ono, n'kukweranso. Ndiye kuti amagwira buleki! Ine batani limenelo ndimaliyesa la amantha.

Kenako kwayamba nyimbo ina, imene sindinaimvepo. Kuseri kwa kona kuja msewu ulipo. Chisoni chandigwira, osanama, koma nyimboyo ndi yokoma kuposa yoyamba ija, ndipo ndaimvetsera mpaka kutha.

Mayi a Mphatso atuluka ndi uthenga: batire ikafooka, kodi Lachiwiri ndingadzere nayo kwa che Bwanali?

Ndati ndidzera. Makinawo ndi anga.