Tsiku limene apongozi anandipeza ndikupaka Zeu mafuta

Mpaka lero ndikamadutsa pa mjigo, azimayi amadula macheza n'kuyamba kusuzumira m'zidebe. Si ulemu ayi. Nkhani yanga aliyense akuifotokoza mmene akufunira, ndiye bola ndiinene ndekha.

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Nkaya. Ndimakhala chikamwini kwa akazi anga, mayi a Rashida, m'nyumba imene njerwa zake ndinaumba ndi manja angawa, koma pamalo pa eni ake. Mkamwini akalakwa amanyamula chikwama basi, nyumba imatsala.

Januwale wina ahedi anatiuza kuti kukubwera oyendera masukulu, ndiye aliyense akhale ndi zipangizo zophunzitsira. Ine mutu wanga unali wa milungu ya Agiriki ndi Aroma. Anzanga anangojambula pa mapepala (anzeru amenewo). Ine ndinauza akazi anga kuti ndikupita ku msonkhano wa aphunzitsi, n'kukwera minibasi mpaka ku Liwonde kwa wosema ziboliboli. Ndinamuonetsa zithunzi zitatu: Zeu, amene Aroma ankamutcha Jupita, mkazi wake Hera, ndi Poseidoni wa kunyanja ndi mkondo wake wa mano atatu. Anasema bwino, kungoti Zeu anatuluka ndi mimba ngati ya mwini golosale.

Pondipatsa anati, "Mtengowu ngwauwisi, aphunzitsi. Muziupaka mafuta ungang'ambike, komanso muziufukiza utsi kuti afumbwe asalowe."

Kusukulu sindikanazisiya, ofesi yathu ilibe loko. M'nyumbanso ayi, ndife Asilamu, chifaniziro cha munthu sichilowa. Ndiye ndinazibisa kuseri kwa nkhokwe n'kuziphimba ndi chiguduli. Masiku asanu okha, ndinatero mumtima, adziwa ndani?

Loweruka masana anthu atapita ku dimba, ndinazindandalika pa mkeka, n'kukoleza masamba a nimu pa phale. Ndinagwada ndi botolo la mafuta ophikira n'kuyamba kupaka. Kenako uphunzitsi unandigwira. Ndinati ndiyesere mmene ndikaonetsere ana mapempheredwe a Agiriki. Ndinakweza manja, utsi uli tolotolo.

"Inu Zeu, mwini mitambo, mwini mvula ndi mphenzi, timvereni!"

"Asitafurulahi!"

Lichero linagwa kumbuyo kwanga. Apongozi anga aakazi, amayi awo a mayi a Rashida! Anabwera kudzatapa chimanga.

Apa munthu wina akanaimirira n'kufotokoza. Koma ine ndi apongozi sitiyang'anizana, sitiyankhulana maso ndi maso, tikakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zaka zisanu ndi chimodzi ndasunga mwambo umenewu. Ndiye ndinachita zomwe mkamwini waulemu amachita: ndinatembenuka n'kulowa m'chimanga liwiro, manja ali noninoni. Inu mukanakhala apongoziwo, mukanati chiyani?

Mawa lake tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Woweruza anali Che Saidi, malume awo a akazi anga (pa Chiyao timati amjomba), mwini mbumba. Milungu itatu ija anaiika pa thumba pakati pa bwalo. Apongozi anakhala chofulatira, akung'ung'udza mu Chiyao.

"Aphunzitsi," anayamba Che Saidi, "zinthuzi mumazipembedza?"

"Iyayi, amjomba. N'zophunzitsira ana basi."

Ndinawaonetsa buku la sukulu ndi zithunzi zomwezo. Anagwedeza mutu. Nkhani inali kutha, ndikukuuzani, inali kutha! Kenako analoza Zeu ndi ndodo, kungofuna kudziwa chabe.

"Nanga wamimbayu ntchito yake inali yotani?"

Ndikanangoti ndaiwala. Koma mphunzitsi mukamufunsa funso mwamuputa dala.

"Ameneyu ndiye wogwira mvula, amjomba. Akakwiya amaitseka."

Mvula inali itadula masabata atatu, chimanga cha mudzi wonse chitapota masamba. Mayi wina anasendera kutali ndi thumba lija.

Nditaona kuti ndaononga, ndinati ndikonze (musamakonze zinthu muli ndi mantha). Ndinati Zeu si woopsa ayi, n'ngwanthabwala, wokonda akazi basi. Ndinafotokoza mmene ankazembera Hera, kusanduka chinkhunzi cha ng'ombe kuti akabe mtsikana wa eni, tsiku lina kusanduka mbalame. Ndinaimirira, abale, kuonetsa mayendedwe a ng'ombeyo pamaso pa mbumba yonse. Che Saidi ankabisa kamwa m'dzanja, ine n'kumati zikuyenda.

"N'chifukwa chake," ndinamaliza, "mwa onsewa ine ndimakonda ameneyu."

Mayi a Rashida anadzutsa mutu.

"Mumakonda ameneyu?"

"Ndikunena nkhani zake, mayi a Rashida."

"Ndamva. Nanga msonkhano wa aphunzitsi uja unachitikira kwa wosema?"

Zinandiwawa, chifukwa pa milandu yonse itatu, wa mafano, wa mvula ndi wa bodza, woona unali womalizawu, ndipo misozi inali italengeza m'maso mwa akazi anga.

Chigamulo chinali chachidule. Ziboliboli zipse, ndipo ine ndikayambe ndapuma kwina mpaka mvula itagwa ndi mitima itatsika. Milungu ya Agiriki inaphika nyemba tsiku lomwelo. Ine ndinagona pa madesiki awiri mu ofesi ya aphunzitsi masiku asanu ndi anayi, ndikuyang'ana kumwamba kuposa mlimi aliyense wa ku Balaka. Oyendera masukulu aja sanabwere n'komwe!

Mvula itagwa ndinabwerera, ndinapepesa, ndinalumbira kuti za Agiriki zizithera m'kalasi. Ndinasungadi lumbirolo miyezi inayi.

Sabata yatha Che Saidi anandikodola tikuchokera ku mzikiti, n'kundikokera kuseri kwa mpanda wa kwathu.

"Aphunzitsi," ananong'ona, "ng'ombe ija, mtsikana uja inakafika naye kuti?"

Ndinakhala pa chitsa n'kuyamba bwinobwino, ndi manja omwe. Sindinadziwe kuti mbali inayo ya mpanda mayi a Rashida akuyanika zovala.

Izi ndikulembera pa madesiki aja mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo ulendo uno mvula siili pafupi.