Tsiku Limene Ndinachapa Makoko a Zipolopolo Pamodzi ndi Bulauzi ya Madamu

Pali zinthu zina munthu ukachita, ngakhale ana ako omwe amakuyang'ana ngati akuganiza zosintha bambo. Ine ndinachitapo chimodzi, ndipo poti mpingo wathu wonse ukuchidziwa kale, palibenso chobisa.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Greenwich, kuno ku London. Kuntchitoko kuli mdala wina wachizungu, dzina lake Kolini, amene amakonza mipope ndi zitseko. Mdala ameneyu ndi amene ananditengera ku kalabu yawo yowombera chandamale. Abale inu! Ine amene kwathu ngakhale legeni inkandikana, tsiku loyamba lomwelo ndinaboola pepala pafupi ndi pakati penipeni. Ndinabwerera kunyumba ku Thamesmead ndikumwetulira ndekha m'basi ngati mnyamata amene wangololedwa kumene (anthu anandisiyira mpando wonse).

Vuto la masewera amenewa ndi mtengo wa zipolopolo. Ukangoti phoo, phoo, ndiye kuti ndiwo za tsikulo zapita. Koma ndinamva akuluakulu a pakalabupo akukambirana kuti iwo sagulagula zatsopano. Amatola makoko a mkuwa amene amatsala ukawombera, kuwatsuka, n'kuikamonso wonga ndi mutu watsopano. Kumeneko ndiye kwathu! Ife tinakula tikuvala nsapato za matayala, botolo la mafuta ophikira sitinkataya, ndiye wina andiphunzitse ine kudzutsa chinthu chakufa?

Kolini anati ndifatse kaye. Wonga sagulitsa kwa munthu wopanda chiphaso, ndipo ine chiphaso ndinalibe, mfuti yomwe ndinkachita kubwereka ya kalabu. Zipangizo zake nazonso si zamasewera. Koma pa zonse zimene ananena, khutu langa linatola chimodzi chokha, chakuti ntchitoyi imayamba ndi kutsuka makoko. Ndinati basi, chiphasocho chidzandipeza nditakonzeka kale.

Kuyambira pamenepo, anzanga akamaliza kuwombera n'kupita kukamwa tiyi, ine ndinkatsala ndikutolatola pansi ngati nkhuku pachigayo. Matumba a jekete ankadzaza, moti potsika basi ndinkachita kulira ngwelengwele. Kunyumba ndinkawakhuthulira m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa wadirobu. Madamu, mayi a Tadala, za kalabu ankadziwa, koma za chitini ayi.

Akuluakulu aja ali ndi kamakina kawo kotsukira makoko, kamangozungulira n'kumawakwecha mpaka awale. Nditaona mtengo wake ndinaseka chikhakhali. Chinthu chongozungulira basi? Nanga kukhitchini kwathu kulibe chinthu chozungulira?

Ndiye linafika Loweruka lija. Madamu ndi namwino, ndipo tsikulo anali ndi shifiti. Mawa lake linali tsiku lawo lalikulu, lovekedwa yunifolomu ya amayi a mpingo, atatha nthawi yaitali akuphunzira. Bulauzi yoyera ya mwambowo inachokera ku Kasungu. Amayi awo anasankha okha nsalu, kukasoketsa okha, n'kupatsira munthu amene ankabwera kuno.

Potuluka m'mawa anandiuza kuti, "Bambo a Tadala, bulauzi ndi duku ndaika kale m'makina, zikununkha sutikesi. Inu mungoyatsa, zikatha muyanike. Musaikemo china chilichonse."

Ndinamva bwinobwino, sindinganame. Koma mtengo wa magetsi a kuno mukuudziwa nokha, ndipo zoyendetsa makina onse aja chifukwa cha kabulauzi ndi kaduku zinandiwawa mumtima. Ndinatenga sokosi yanga yaitali yampira, kukhuthuliramo chitini chonse, kumanga kukamwa kwake, n'kuponya momwemo. Ndinaganizanso (ndipo apa ndinadzimva kuti ndine dolo) kuti bulauziyo ithandiza kuchepetsa phokoso.

Poyamba zinkayenda bwino zedi. Makina ankangoti khutchu khutchu, ine ndikuvina pang'onopang'ono ndi kapu ya tiyi m'manja, ndikuganiza kale mmene ndikawaonetsere azungu aja makoko owala. Ndinafika mpaka poganiza zoti ndizidzawatsukira awo pamtengo wabwino.

Kenako makina anayamba kuthamanga kuti afinye madzi. Mayo ine! Phokoso lake ngati matalala padenga la malata. Makinawo anayamba kuyenda okha kuchoka pakona, ine ndawakumbatira ngati ndikuleretsa ndewu, uku ndikudina batani lililonse limene chala chapeza. Chitseko chake nacho sichitseguka mpaka chitafuna chokha. Pagalasi ndinaona sokosi yanga ikudutsa ili pyapyapya, yopanda kanthu, madzi ali bii.

Pakhomo panamveka kugogoda. Anali Mayi Phiri a fulati yapansi, mayi wachikulire wobadwira kumafamu a ku Zimbabwe koma makolo awo a ku Dedza. Ndipo mwa anthu onse a mu London muno, iwowo ndi amene amatsogolera amayi a mpingo aja.

"Bambo a Tadala, kwagwanji kuno? Denga langa likugwedezeka!"

"Ndikuchapa, mayi."

"Mukuchapa miyala?"

Analowa osadikira kuti ndiwauze, ndipo tinaima limodzi mpaka makina anatopa okha. Nditatsegula, makoko anakhuthukira pansi, kumwazika mpaka kumapazi awo. Anawerama, kutola limodzi, kuliyang'anitsitsa, n'kuyamba kubwerera chambuyo.

"Ambuye wanga! Mwalowa gulu lanji, mwana wanga?"

Ndinalumbira, ndinaonetsa kakhadi ka kalabu, ndinafotokoza kuti makoko opanda kanthu sangaphe ngakhale mphemvu. Anangokhulupirira nditatulutsa bulauzi, chifukwa anati chigawenga sichingakhale chopusa chonchi. Bulauziyo inali yotuwa ngati phulusa, timadontho takuda paliponse, kolala itang'ambika mbali imodzi.

Ndinaimbira Kolini kuti andiuze mankhwala ochotsera mwaye wa zipolopolo pansalu. Mdalayo anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anafunsa kuti ndi makoko ati amene ndachapa.

"Ang'onoang'ono aja, a mfuti ya kalabu," ndinatero.

Kolini anati, "Mnzanga, amenewo sadzazidwanso. Ukawombera kamodzi, ntchito yawo yatha. Ife timangowasesa."

Ndinakhala pansi pakhitchini pomwepo, pakati pa chuma changa.

Mayi Phiri anandichenjeza kuti bulauziyo ndisaigwirenso mpaka mwini wake abwere. Koma paja samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Atangotsika masitepe, ndinaiviika m'beseni la bulichi wosasungunula. Madontho akuda anachokadi, sindikukana. M'malo mwake munabwera achikasu, akuluakulu kuposa oyamba, ndipo pakolala paja panatseguka bowo loti chala n'kulowa.

Madamu pobwera anapeza nyumba yosesedwa, mbale zotsukidwa, nkhuku ili pamoto. Anaima pakhomo chikwama chili paphewa.

"Mwalakwa chiyani?"

Ndinangobweretsa bulauzi ija m'manja awiri ngati ndikupereka mphatso kwa mlendo. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo akanakalipa bwenzi zili bwino. Koma anailandira, kukhala pampando, n'kumasisita kolala ija ndi chala.

"Amayi anakhala tsiku lonse pakhonde pa telala, ndi miyendo yawo yotupa ija," anatero motsitsa mawu. "Ankafuna aone okha kuti yasokedwa bwino."

Apo kuseka konse kunandithera. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo pepani wanga ankamveka wochepa ngakhale kwa ine mwini.

Anatipulumutsa ndi Mayi Phiri omwewo. Anakwera ndi bulauzi yawo ina, yoyera mbee, koma yoti madamu akanatha kulowamo ndi Tadala yemwe. Anapinda manja a bulauziyo, kumsana kumanga ndi mapini, ndipo Lamlungu kutchalitchi kwathu ku Barking mayi a Tadala anavekedwa pamodzi ndi anzawo. Nthungululu zinalira, ine ndikuomba m'manja kuposa aliyense, mumtima ndikuti zatha bwino.

Titangotuluka panja, foni ya madamu inalira. Anali apongozi, pa vidiyo, abale atawazungulira kuti aone nawo. Anayandikitsa nkhope pafoni, n'kukonza magalasi.

"Imeneyo si bulauzi imene ndinatumiza ine. Kolala yake si imeneyo."

Madamu anamwetulira koyamba chichokereni dzulo lake. "Amayi, akamwini anu ali pompano. Ali ndi nkhani yabwino ya zipolopolo."

Anandipatsa foni. Ine mkamwini wolongosoka sindingalankhule ndi apongozi nditaimirira, ndiye ndinanjuta pomwepo m'mbali mwa msewu, suti ili pathupi, mabasi akudutsa, amayi a mpingo atandizungulira. Ndinafotokoza zonse kuyambira pachitini. Netiweki inkadukaduka, moti mawu akuti zipolopolo ndinawabwereza mokweza kangapo, ndipo ku Kasungu anafika bwino ndi amenewo okha.

"Ndiye mwana wanga akukhala ndi munthu wa mfuti?" anafunsa apongozi.

"Ayi amayi, mfuti ndilibe."

"Nanga bulauzi mwaiboola ndi chiyani?"

Madamu amati pomaliza ndizinena zimene ndinaphunzirapo. Ndaganiza mofatsa, ndipo ndikuona kuti ndikanadikira kaye kuti zovala zoyera zithe kuchapidwa. Mpaka lero sindinapangepo chipolopolo ngakhale chimodzi, koma kumudzi kwa apongozi aliyense akudziwa kuti mkamwini wa ku London anawombera bulauzi ya mkazi wake.