Miyendo ya Galimoto ya Apolisi

Kwathu ku Peñasco Prieto, ukapita kwa a Don Lute ndi chitsulo chogula ku yonke, komwe amagulitsa zitsulo za magalimoto akufa, funso lawo loyamba silinkakhala loti galimoto yako yatani ayi. Ankachiyang'ana chitsulocho, n'kukuyang'ana iweyo, kenako n'kufunsa kuti: "Mwini wake anafa bwanji?" Dzina lawo lenileni linali Eleuterio Quezada, koma ndani anali ndi nthawi yotafuna dzina lonselo? Anali makaniko wathu zaka makumi anayi, ndipo m'zaka zonsezo palibe anawaonapo akumanga ngakhale bawuti imodzi yochokera m'galimoto yomwe munafera munthu.

Crisóforo, mwini wake wa yonke, kumanda a magalimoto kuseri kwa njanji, akangowaona akubwera mutu unkayamba kumuwawa. A Don Lute ankalowa manja ali kumbuyo n'kumazungulira zigoba zija pang'onopang'ono ngati dokotala m'wodi.

"Iyi inatani?"

"Inangokalamba, madala. Inali ya asisitere, ankangopita nayo ku Misa."

"Asisitere ometa ndevu? Lezala lili m'kabokosi umu n'la ndani? Nanga galasi lakutsogololi linatupira kunja bwanji, kukula kwake ngati mutu wa munthu?"

"Matalala amenewo."

"Matalala ogwera m'kati mwa galimoto, Crisóforo? Ukadzafa iwe ndidzakufunsa komweko."

Tinkawaseka ndithu, koma tinkaseka chotsitsa mawu, chifukwa cha La Cuchilla. Mtsetse umenewu umachoka patchalitchi chapamwamba n'kukathera pamlatho, makona asanu ndi awiri, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Galimoto iliyonse yomwe a Don Lute aigwira kutsogolo, ankayamba atsika nayo okha mtsetsewo mwini wake asanaikwere. Tsiku limenelo ankavula ovolosi n'kuvala suti yakuda, yomwe ankati adzapita nayo kumanda.

"Ndisadzamuvutitse Herlinda kundiveka," ankatero akumanga tayi.

A Doña Herlinda, akazi awo, ankayankhira pazenera: "Ukaing'amba sutiyo ndidzakukulunga m'thumba la maapozi, wamva?"

Ukakwera nawo tsiku wamba sunkatsika uli yemweyo. Mitanda ya m'mbali mwa msewu ankaidziwa yonse, koma osati momwe ansembe amadziwira. Ankaloza ndi ndudu: "Uwu ndi wa Fidencio, bawuti ya chiwongolero. Iwiri iyo ndi ya ana a kwa Olivas, mabuleki. Uwo wapakona, chitsulo cha ku yonke." Mphunzitsi wina wachilendo anawapempha kuti amutsitse pakona yachitatu, ulendo wonse wotsalawo anayenda pansi.

Tsono nane ndinali ndi pikapu yanga, yomwe bambo anga a Anselmo anandisiyira, ya m'chaka cha 1966. Injini yake inali yonga yatsopano, koma kutsogolo kunali kwa makolo: ekiselo imodzi yowongoka ngati mtanda wa denga, masipuling'i ouma, ndi chiwongolero choti uyambe kukhota lero kuti galimoto imve mawa. Ikaponda kamwala, mano ankagundana. Mwana wanga Yareli anali pafupi kukwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo kwathu zaka zimenezi timachitira phwando lalikulu: mtsikana wa phwando limeneli amachoka ku Misa ali chiimire kumbuyo kwa pikapu yokongoletsedwa, anzake asanu ndi atatu atamuzungulira, mpaka kuholo ya pamlatho. Ine ndinalumbira kuti mwana wanga atsika La Cuchilla m'galimoto ya agogo ake, yofewa, yotsika pang'ono kutsogolo, tauni yonse ikuonerera. Kunyada kumeneku ndinabadwa nako, sindikana.

Ndinawapeza a Don Lute atakhala patayala akudya burrito. Kunali kutatsala masabata atatu.

"Ukufuna kusintha miyendo yakutsogolo, eti?" anatero. Zonse za kutsogolo kuja iwo ankazitcha miyendo. "Isiye ekiselo ya bambo ako. Ndiike masipuling'i atsopano ndi mashoko, ndimange chiwongolero. Idzadumphabe, koma idzadumpha moona mtima."

"Ndikufuna yofewa, madala."

"Ndiye itanitsa zatsopano kutsidya kwa malire, zobwera m'makatoni. Ndidula chasisi, ndiwotcherera bwinobwino. Miyezi iwiri."

"Miyezi iwiri phwando litatha kalekale! Anzanga akuika miyendo ya magalimoto akale a apolisi. Imachotsedwa yonse pamodzi, mabawuti anayi basi, mabuleki abwino, chiwongolero chokhota ndi chala chimodzi."

"Ndikuidziwa. Ndi yotambalala, matayala amasuzumira kunja ngati makutu a mwana wometedwa. Koma imagwira ntchito." Anapukuta pakamwa. "Ukaipeza yopuma pantchito chifukwa cha ukalamba, bwera nayo. Koma apolisi sakonda kukalambitsa galimoto, Baudelio."

M'yonke monse munali imodzi yokha. Crisóforo, pa moyo wake wonse wonama, anasankha tsiku limenelo kunena zoona. Anati galimotoyo inawomba chipilala cha mlatho cham'mbali, kutsidya kwa malire kuja, ndipo wapolisi amene anakhala kumanzere sanatulukemo wamoyo. "Koma kutsogolo sikunakhudzidwe, achimwene, taonani nokha. Kungoti agogo aja musawauze, mukudziwa mutu wawo."

Ndinayang'ana, sindinaone chilema. Ndinadziuza kuti chitsulo sichisunga mizimu, ndipo kuti ine ndine munthu wopita kusukulu. Ndinaigula, ndinapita nayo mumzinda, anaipala ndi mchenga, n'kuipaka penti wakuda wonyezimira. Nditafika nayo kugalaja, funso lija linabwera.

"Mwini wake anafa bwanji?"

"Palibe anafa, madala. Inangopuma pantchito."

Anawerama n'kununkhiza. Anatenga chingwe chawo chamafuta n'kuyeza kuchokera ngodya iyi kufika iyo, kenako mopingasa. Anayezanso kachiwiri. 

"Penti wabwino," anatero. "Isiye pano."

Anaigwira masiku khumi. A Don Lute ankaimba akamagwira ntchito, mawu oipa oti nkhuku za a Doña Herlinda zinkasamukira kwa aneba, koma masiku khumi amenewo m'galaja munali zii. Ndikadutsa ndinkangomva sipanala. Galu wawo, yemwe ankagona pansi pa galimoto iliyonse, ankagona panja padzuwa. Ndinkafika pakhomo la galaja mawu ali pakamwa, n'kubwerera nditangofunsa za nyengo. Tsiku lililonse bodza lija linkakula, ndipo kulibweza kunkavutirapo.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri, tinakwera nayo kutchalitchi chakumasana. Pikapu inali yokongola moti anthu ankatuluka m'masitolo. A Don Lute anali m'suti yawo. Yareli ndi anzake anabwera akuthamanga kuchokera kusukulu n'kudumphira kumbuyo, ati ayeserere kubayibitsa.

"Tsikani!" A Don Lute anakuwa mpaka nkhunda zinauluka padenga. "Tsikani nonse, msanga!"

Sindinawamvepo akukalipira mwana. Atsikana anatsika, Yareli misozi ili lengelenge. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti m'galimoto muja amangamo lamba, chinthu chomwe pikapu ya bambo anga sinakhalepo nacho, ndipo pachiwongolero amangirirapo pilo ndi waya. Anakhala pampando, natulutsa mutu pazenera.

"Mwana wa Anselmo, palibe choti undiuze?"

Atsikana aja anali pompo. Ansembe anali pakhonde. Anthu enanso khumi ankaonerera. Ndinatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anatuluka ndi awa: "Muyende bwino, madala."

Kuchokera patchalitchi msewu suoneka, umangomva. Ndinamva injini ikutsika kona yoyamba, mabuleki, injini kachiwiri. Yachiwiri. Yachitatu. Ndinayamba kupuma, n'kudziuza kuti ndine chitsiru kuopa nthano za nkhalamba. Pakona yachinayi kunamveka thyoo, ngati nthambi youma, kenako chitsulo chikukhula mwala nthawi yaitali. Kenako kunalibe chilichonse.

Sindikumbuka kuti ndinathamanga bwanji. Pikapu ndinaipeza itatsamira thanthwe, tayala lakumanzere litapindikira pansi pake. Kuchokera pomwe inayambira kukwekwereza, mizere inkalunjika kuphompho, n'kukhotera kuthanthwe patatsala mkono umodzi. A Don Lute anali atakhala pamwala, dzanja lina lili m'nthiti, lina likulimbana ndi machesi.

"Mabuleki ake ndi abwino kwambiri," anatero. "Tandiyatsire, manja akuchita mwano."

Loweruka Yareli anatsika La Cuchilla pangolo ya thirakitala ya kumunda wa maapozi, yokutidwa ndi nsalu za patebulo, akulira njira yonse. Tauni inapeza nkhani: a Don Lute akalamba, dzanja lawo latha, aphwanya galimoto ya mwana wa eni. Kubala ankawayeserera akumanga tayi. Iwo sanatsutse munthu ngakhale mmodzi, ndipo ine, wodziwa zonse, ndinkangoyang'ana m'tambula yanga.

Nthiti zinathyoka zitatu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wosuta kuyambira ali mwana, nthiti zitatu si zamasewera. Ankalephera kutsokomola bwino, ndipo kutayamba kuzizira chifuwa chinakhazikika. Mu Januwale ndinalimba mtima n'kupita kukawaona. A Doña Herlinda anandilowetsa osandipatsa moni. Ndinawapeza atatsamira mapilo atatu, atachepa ngati mwana.

"Madala, galimoto ija..."

"Munafera wapolisi. Anakhala kumanzere."

"Crisóforo anakuuzani?"

"Crisóforo? Amene uja sanganene zoona kawiri chaka chimodzi. Ndani amapaka penti chinthu cha ku yonke ngati alibe chobisa? Ndipo chingwe chinandiuza kuti yapotoka chala chimodzi. Umaganiza kuti ndimaopa mizimu, iwe? Galimoto ikamenyedwa mpaka kupha munthu, chitsulo nachonso chimavulala m'kati. Mng'alu suoneka. Umadikira kona."

"Nanga munaimangiranji? Bwanji simunaikane?"

Anatsokomola nthawi yaitali, ine n'kuwagwirira kapu ya madzi.

"Ndikanaikana, ukanatani? Ukanakwiya, n'kupita nayo kwa amakaniko a mumzinda. Akanaimanga tsiku limodzi, ndipo woyamba kutsika nayo akanakhala Yareli, ali chiimire, ndi ana a eni asanu ndi atatu."

"Mukanangondikalipira, madala."

"Iwe? Bambo ako ndinawakalipira zaka makumi atatu, sanamvepo n'kamodzi komwe. A kwa Anselmo mumamva ndi maso." Anatseka maso awo. "Ndinkayembekeza kuti ithyokera pakona yachiwiri, pali malo. Inandinamiza nayonso. Pita, ukundithera mpweya."

Anamwalira mu Febuluwale. Dokotala anati ndi chibayo komanso fodya. Ndinamufunsa ngati nthiti zija zinathandizira, iye anangokweza mapewa, ndipo mapewa amenewo ndimawaonabe mpaka lero.

Papita zaka zisanu ndi zinayi. M'galaja muja tsopano amagulitsamo mafoni. Zitsulo za ku yonke zimamangidwa tsiku lomwelo, palibe wofunsa kanthu, ndipo galimoto ikatuluka kwa makaniko woyamba kutsika nayo ndi mwini wake ndi banja lake. Crisóforo akuti malonda akuyenda koma ntchito siikomanso, alibe womunamiza. Tauni yathu ili ngati nyumba yomwe achotsamo chitseko: zonse zilimo, koma sugona tulo tabwino. Ndimawasowa a Don Lute, ndipo ndimachita manyazi kuwasowa.

Mwezi watha Yareli anabwera kudzadya ndi mwamuna wake. Pofuna kumuseketsa anayamba nkhani ya nkhalamba yamisala yomwe inamukalipira pamaso pa anzake, n'kukaphwanya galimoto ya phwando lake. Mwamunayo anaseka, mkazi wanga anaseka. Ine ndinaika supuni pansi n'kunena zonse, kuyambira pa chipilala cha mlatho mpaka pa "muyende bwino".

Nditamaliza, Yareli anafunsa kuti manda a Don Lute ali mbali iti. Ndinamulongosolera, n'kunyamuka kuti nditenge chipewa ndimuperekeze.

"Ayi, bambo," anatero. "Inu khalani."